Chaka Chimene Dolika Anadya

Anthu a kuno akamakumbutsana za chaka chija amati chaka chobzala katatu. Ena amati chaka cha mango ophika. Ine ndimati chaka chimene bambo anga anabwera kudzakhala nafe. Ndichilemba motsata miyezi chifukwa ndi mmene anandiphunzitsira kusekondale: chaka chimayamba apa, chimathera apo, ndipo chimene chapita chapita. Ndinkakhulupirira zimenezo. Koma m'nyumba mwathu tinalimo anthu anayi, ndipo atatu okha ndi amene tinali m'chaka chimodzi.

Ndine kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Enelesi, pamene tiyi amathera n'kuyamba timinda ta anthu. Ana athu aakulu anapita ku Limbe kukafuna maganyu. Pakhomo panatsala Tadala, mzime wathu, amene chaka chimenecho anali Sitandade 4.

Okutobala

Bambo ankasungidwa ndi mchemwali wanga ku Luchenza. Mchemwaliyo atamwalira panalibe wina wowatenga. Ndinawakweza pa kabaza, ine pa kabaza wina, katundu wawo yense ali m'thumba limodzi la feteleza. Kunkatentha kwambiri, koma anakana kuvula jasi lawo la ulonda, lakuda, la matumba akuluakulu, limene anapuma nalo ntchito kalekale.

Mutu wawo unali utayamba kale kusokonekera. Tsiku lina ankandidziwa, tsiku lina ankandipatsa moni ngati mlendo. Chichewa chinkawathawa pang'onopang'ono, n'kumatsala Chilomwe chimene ankalankhula ali mwana.

Enelesi anawasesera chipinda cha anyamata, sananene kanthu. Amene ananena ndi mlongo wake, alamu anga a Yohane, omwe ndi mwini mbumba pamudzipo.

"Alamu, anzanu pobwera chikamwini amanyamula bulangete. Inu mwanyamula bambo?"

Anaseka, nanenso ndinaseka. Kenako anasiya kuseka.

"Chaka chake mukuchiona. Kwawo kulibe?"

"Kwawo kuli tiyi," ndinatero.

Sindinkanama. Makolo a bambo anachokera ku Mozambique wapansi, n'kupeza malo okhala m'mphepete mwa esiteti. Bambo ali mnyamata esiteti inakula, mudzi wawo unasamutsidwa, abale anabalalika, pamalopo anabzalapo tiyi. Malo enieniwo sindinkawadziwa, ndipo sindinafunsepo.

Chakudya chinali chochepa kuyambira pachiyambi. Mvula ya chaka chapitacho inakokolola theka la munda wathu, ndi dothi lomwe. Nthochi zimene kale zinkatipulumutsa zinali zitatha ndi chisaka. Enelesi anayang'ana matumba amene anali kuchipinda, anawagwedeza limodzilimodzi, n'kunena kuti, "Khirisimasi sitifika nawo."

Novembala

Mvula yoyamba inagwa pakati pa mwezi, yamphamvu, mpaka fungo la dothi kulowa m'nyumba. Mudzi wonse unathamangira kumunda. Ine ndimabzala ndi chingwe, mizere yowongoka ngati ya ku esiteti, ndipo alamu amandiseka nazo chaka ndi chaka. Chimanga chinamera bwino. Kenako kumwamba kunayera. Mitambo inkasonkhana masana kumbali ya phiri, ife n'kumaiyang'ana, madzulo n'kubalalika. Timbewu tinapota masamba ngati anyezi, kenako tinagona.

M'masiku amenewo ndi mmene bambo anayamba kumuitana Tadala dzina lina. Iye ankachokera kusukulu, iwo ali pakhonde.

"Dolika, wachokera kuti? Amayi akukufuna."

Tadala anacheuka, kumbuyo kwake kunalibe munthu. Tonse tinaseka.

"Dolika ndani, ababa?" Tadala anandifunsa pambuyo pake.

Ndinamuuza zimene ndinkadziwa, ndipo zinali zochepa. Dolika anali mlongo wawo wa bambo, wamng'ono kwa iwo. Anamwalira pa njala ya fote naini ali msinkhu ngati wa Tadala. Bambo ali bwinobwino anangomutchula kamodzi, tikumata tayala la njinga. Anati, "Ndinali ndi mlongo, inamutenga njala." Sanawonjezere, ine sindinafunse.

"Uzingovomera," Enelesi anauza mwanayo. "Sukutayapo kanthu."

Disembala

Tinabzala kachiwiri kamvula kena katawaza. Zinapsanso. Kachitatu tinabzala chimanga cha pamsika, chodya, chifukwa mbewu yogula inali itatha ndipo ndalama yake panalibe. Pobzala kachitatuko palibe amene ankalankhula m'munda. Ndinakoka chingwe changa m'mizere yomwe ija, n'kuponya m'mapando omwe aja. Zinali ngati Novembala wakana kutha.

Disembala ndi mwezi umene tiyi amaphuka mpaka madengu kuchepa, ndipo esiteti imalemba anthu ambiri a sizoni. Chaka chimenecho nsonga za tiyi zinauma. A sizoni ankafika pageti m'mawa uliwonse n'kubwezedwa. Ife okhazikika anatidula masiku. Chodalirika chimene chinatsala chinali chakudya cha masana chimene amapereka kumunda, mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. Palibe amene ankadyera pomwepo. Aliyense ankatsegula kontena yake, kulandira, kutseka, ulendo nayo kunyumba. Inenso kapitawo ndinayamba kuyenda ndi kontena m'jumbo.

Mtengo wa chimanga unkasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo. Chigoba chinafika pa mtengo umene tinkagulira ndowa. Kenako anthu anasiya kufunsa za chigoba, n'kumagula timapepala ta ufa tija timati wokumani, tokwana mphika umodzi. Ana ankaphika mango osapsa. Mphekesera zinali zambiri kuposa chakudya: akuti thandizo lili m'njira, akuti fakitale itsekedwa, akuti ufa wa pamsika akuusakaniza ndi laimu. Oyandikana nafe anazula malata a khitchini n'kugulitsa. Ena anayamba kulowa m'bulugamu wa esiteti kukatola nkhuni zogulitsa, kumathamangitsana ndi alonda. Anyamata okhala ndi njinga ankapita kumalire kukagula chimanga ku Mozambique.

Tsiku lina bambo anawaona akubwerera, matumba ali pakaliyala, akukankha njinga pachitunda.

"Achokera kuti awa?"

"Ku Mozambique, ababa. Chimanga chili kumeneko."

Bambo anawatsatira ndi maso mpaka pamwamba pa chitunda.

"Nanga ife kuno tinadzatani?"

Januwale

Tinayamba kudya kamodzi, dzuwa litapendeka. Kale ine ndi bambo tinkadyera mbale imodzi, Enelesi ndi Tadala ina. Njala itakula Enelesi anasintha. Anati mbale imodzi imachititsa munthu kuyang'ana dzanja la mnzake. Anayamba kugawa pa mbale zinayi, aliyense yake. Bambo ankatenga yawo n'kulowa nayo kuchipinda, ndipo inkatuluka yoyera. Tinkati mwina ndi manyazi a ukalamba.

Koma ankatha. Lamba wawo ndinamuboola bowo lina ndi msomali. Mapazi anayamba kutupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Amene anazindikira ndi Enelesi. Bambo akusamba, anaona mzere wa nyerere ukukwera jasi lija pamene analipachika. Anapisa m'thumba, anapezamo nyenyeswa za mgaiwa ndi makoko a nandolo.

Tsiku lotsatira, titatha kudya, ndinawatsatira. Kuseri kwa bafa ndinapeza Tadala atakhala pansi akudya mothamanga, bambo ataima momutchinga ndi jasi, akuyang'ana uku ndi uku ngati ali pa ulonda.

Tadala atandiona anatsamwa.

"Kuyambira liti?" ndinamufunsa.

"Kalekale."

"Osanena bwanji?"

"Amati ndidye msanga anthu asanaone." Anayamba kulira. "Ndinali ndi njala, ababa."

Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira chiyani?

Ndinaganiza kuti vuto ndi loti bambo sakudziwa chaka chimene tili, ndipo akachidziwa adya. Ndinawakhazika pakhonde, ndinatsitsa kalendala ya kusitolo ya mbewu imene inali pakhoma, n'kuwalozera.

"Ababa, uyu ndi Tadala, mwana wanga, mdzukulu wanu. Dolika anamwalira kalekale, pa fote naini. Inu mwakalamba, muli ndi zidzukulu. Chakudya chimene mukupatsidwa n'chanu."

Anayang'ana ine, osati kalendala.

"Dolika wamwalira?"

"Kalekale, ababa."

"Liti? Ine ndinali naye pompano."

Kulira kumene analira sindinakumvepo kwa mwamuna. Anagwa pansi, manja kumutu, akuitana amayi awo m'Chilomwe. Kwathu kuno kulira kotero kumatanthauza chinthu chimodzi. Amayi a pamudzi anayamba kufika atamanga nsalu m'chiuno, ena akulira kale asanafunse. Alamu anadula nthambi n'kukaika pamsewu. Anthu anachuluka msanga kuposa masiku onse, chifukwa chaka chimenecho pamaliro ndi pamene munthu ankayembekeza kulawa kanthu. Ndinaima pakhomo n'kumafotokozera aliyense kuti maliro alipodi, koma anachitika ine ndisanabadwe. Ena anaseka. Ena anachoka atakwiya.

Alamu anakachotsa okha nthambi zija.

"Alamu, izi ndiye sitingazithe," anatero. "Mudzi wonse kuusonkhanitsa chifukwa cha maliro a nthawi ya atsamunda?"

M'mawa mwake bambo anatuluka, anasukusula, n'kufunsa, "Dolika wadzuka?"

Ndinawauzanso, ulendo uno chitseko chili chotseka, motsitsa mawu. Analira mwakachetechete tsiku lonse. Chakudya sanachikhudze, ngakhale kuchiika m'thumba. Kutacha anafunsanso funso lomwe lija, nkhope ili bwinobwino. Ndinatsegula pakamwa. Enelesi anandigwira mkono.

"Bambo a Tadala, mwana ameneyu mumupha kangati?"

Febuluwale

Enelesi ali ndi mng'ono wake ku Makwasa, mphunzitsi, wa Sabata, amene malipiro ake ankabwera mwezi ndi mwezi. Anavomera kumusunga Tadala mpaka kukolola. Maganizo anali anga. Ndinati Tadala akadya bwino kumeneko, ndipo bambo akasowa womupatsa adzadya okha. Zinkaoneka zowongoka.

Mbali ya Tadala inatheka. Ya bambo ayi. Ankalandira mbale, kuika chakudya m'thumba, n'kukhala pakhonde kuyang'ana njira. Akafunsa tinkati, "Wapita kumtsinje." Chakudya chinkasasa m'jasi. Enelesi ankachitulutsa iwo akamasamba n'kuchiphikanso phala, koma tikawabweretsera ankaluma mano. Ankangolola madzi ndi tiyi wopanda shuga.

Dzuwa la Febuluwale linapeza chimanga chachitatu chitangoyamba kumasula. M'mudzi maliro enieni anayamba, a nkhalamba ndi a makanda.

Tsiku lina m'mawa, ine ndili kale kuntchito, Enelesi anapeza chipinda cha bambo chili pululu. Ananditumizira uthenga. Tonse tinaganiza chimodzi: abwerera ku Luchenza kumene anachokera. Alamu, ndi kudandaula kwawo konse, anakwera njinga n'kutsata msewu, akufunsa pa siteji iliyonse. Ine ndinatsata njira yachidule. Dzuwa linafika pamutu, palibe amene anaona nkhalamba ya jasi lakuda.

Amene anawapeza ndi mayi wina wa m'gulu langa la othyola, m'munda wa nambala seveni, n'kundiitanitsa. Minda ya esiteti ili ndi manambala, ndipo timaizungulira. Tikathyola munda lero timapita ina, n'kudzabwerera pomwepo masamba akaphukanso. Timati laundi. Nambala seveni ndaulowa kosawerengeka pa zaka zonse za ukapitawo wanga. Suli kutali ndi kwathu. Ukaima pachulu cha kuseri kwa nyumba umauona.

Tiyi amalekeza m'chiuno, ndipo pamwamba pake pamakhala pofanana ngati tebulo. Munthu akakhala pansi saoneka. Bambo anali pansi pakati pa mizere, pambali pa mwala wina wosalala, wolowa pakati, umene ine ndinkakonda kukhalapo nthawi yopuma. Milomo yawo inali itauma. Chakudya cha dzulo lake anachiyala pa tsamba pamwamba pa mwalawo.

"Ababa, mukutani muno?"

"Ndafika pakhomo, koma palibe anthu." Ankalankhula Chilomwe, pang'onopang'ono, ngati akulondolera mlendo. "Mphero ya amayi ndi iyi. Nyumba ili apo. Khola la nkhunda apo. Dolika amagona pakhomo penipeni, chifukwa m'nyumba mukutentha."

Ndinayang'ana kumene ankaloza. Tiyi yekhayekha, mizere yowongoka mpaka kumtsinje. Ndinayang'ananso mwalawo. Zaka zonsezo ndinkakhala pa mphero ya agogo anga.

"Amayi anandituma kwa mzungu kukapalira kuti andipatse phoso, ufa pang'ono," anapitiriza. "Ndapalira, ndapalira. Kapitawo amangoti mawa, mawa. Lero wandipatsa. Sindinadyeko. Ndathamanga nalo."

Anandigwira buluku. Sankandidziwa. Anaona chipewa ndi ndodo yanga ya ukapitawo.

"A kapitawo, ndachedwa?"

Yankho loona ndinali nditalipereka kale kawiri.

"Anthu asamukira kutsidya," ndinatero. "Dolika ali komweko. Tiyeni."

Ndinawabereka. Ankapepuka ngati dengu losadzaza. Othyola anasiya ntchito n'kutipatukira. Kukiliniki anawapima n'kunena kuti matenda palibe, ndi njala basi, adye.

Madzulo ake ndinauza Enelesi kuti Tadala abwere.

"Ndinakamuona Sabata lapitali," anatero. "Masaya ayamba kubwerera. Akudya katatu. Mukufuna abwere adzadye madeya?"

"Akapanda kubwera, ababa mwezi uno samaliza."

"Akabwera n'kudwala iyeyo, mudzati chiyani?"

Alamu atamva anabwera. Sanakweze mawu.

"Alamu, bambo anu adya zaka zawo. Mwanayu ndi wa mbumba yathu, sanayambe n'komwe. Musatipemphe zimenezo."

Pamwambo wathu ananena zoona. Mwana ndi wa kuchikazi. Ine pamudzipo changa chinali bulangete.

Bambo anasiya kutuluka pakhonde. Ankangogona atayang'ana kuchitseko, dzanja lili m'thumba la jasi. Enelesi ndi amene ankawatembenuza ndi kuwanyowetsa milomo ine ndikakhala kuntchito. Zimene ankaganiza sankandiuza. Tsiku lina anavala nsalu yake yopitira kutchalitchi n'kupita kusiteji. Anabwera madzulo ndi Tadala, ndi kathumba ka ufa kamene mng'ono wake anamupatsa.

"Musandithokoze," anatero. "Ndikangoona tsitsi lake layamba kufiira, abwerera tsiku lomwelo. Ndipo za mbale zinayi zatha. Awa awiri azidyera pamodzi."

Anaphika, anaika mbale imodzi pamphasa kuchipinda kwa bambo. Tadala anali atauzidwa zochita ali m'minibasi. Analowa, anagwada, anaika madzi osamba m'manja patsogolo pawo. Ine ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa kukhoma.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayamba kufufuza m'thumba la jasi. Munalibe kanthu.

"Dolika. Ndachedwa?"

Tadala Chilomwe sachidziwa bwino, koma mawu amenewo anawamva. Anayang'ana amayi ake amene anaima pakhomo.

"Simunachedwe, achimwene. Phoso lija ndi ili, amayi aphika."

"Idya."

"Muyambe ndinu."

"Idya iwe. Ine ndadya kale."

Tadala anapinda manja. Kwathu wamng'ono satema chakudya wamkulu asanateme. Bambo anali ataiwala dzina langa, anali ataiwala chaka, koma zimenezo sanaiwale. Anakhala akuyang'anizana, mbale ili pakati. Mimba ya Tadala inalira, tonse tinaimva. Ndi chimene chinawagonjetsa. Anasamba m'manja, anatema kambamu kakang'ono, anaika m'kamwa. Tadala anatema. Iwo anasiya, iyenso anasiya.

"Bwanji?"

"Ndikudikira inu."

"Mwana wovuta iwe," anatero, n'kutemanso.

Anapitiriza choncho mpaka kutsala mbamu imodzi. Imeneyo anamukankhira, monga amachitira wamkulu, n'kusamba m'manja. Tadala anayang'ananso amayi ake. Enelesi anagwedeza mutu kuti adye.

Malichi

Ufa wa ku Makwasa sunakhalitse. Tinadya madeya. Tinadya chinangwa chowawa chonyika m'madzi. Tinadya kalongonda, amene Enelesi ankamuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi n'kuthira ena, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu. Thandizo lija linafikadi, koma ife linatidumpha, akuti pakhomo pali wapantchito. Enelesi anagulitsa mbale zake zadothi za paukwati. Ine ndinagulitsa wailesi ndi nsapato za kutchalitchi.

Ndinkakhala pakhomo pa chipinda n'kumayang'ana mikono iwiri ikulowa m'mbale imodzi. Bambo kutupa kunkaphwa. Anayambanso kutuluka pakhonde. Koma mkono wa Tadala unkaonda. Masaya a ku Makwasa anapita. Tsiku lina anagwa pamzere kusukulu, aphunzitsi anamubweretsa pa njinga.

Enelesi anamukhazika padzuwa n'kuyamba kumupatula tsitsi ndi zala, akuyang'ana mtundu wake. Anatenga nthawi. Ine ndinaima patali. Ndinadziwa kuti akanena kuti abwerere ku Makwasa sinditsutsa, ndipo ndinadziwa chimene chidzatsatire kuchipinda kuja.

"Lafiira?" ndinafunsa.

"Kunsonga kokha."

"Ndiye?"

Anafunsa mwanayo, "Ukufuna kupita kwa amayi ako aang'ono?"

"Ndikapita, achimwene adya ndi ndani?"

Sanati anganga. Enelesi anamumanga mpango kumutu n'kulowa kukhitchini. Kuyambira tsiku limenelo mbale ya Enelesi inayamba kuchepa, ya awiri aja kukula. Ndinaona. Nanenso ndikafika ndi kontena ndinayamba kunena kuti ndadya kale kuntchito. Linali bodza lomwe lija la bambo, ndipo Enelesi sananditsutse. Kumunda ndinkaima ndi ndodo yanga mizere ya tiyi ikuvina m'maso, n'kumadikira kuti iime.

Mvula inabwera pakati pa mwezi. Kwa chimanga chambiri inachedwa, koma tiyi anaimva. Minda inabiriwira, madengu anayamba kudzaza, masiku athu anabwezeretsedwa. M'munda mwathu maungu amene Enelesi anangoponya m'mphepete, opanda chingwe, anayala paliponse. Tinayamba ndi nkhwani, kenako maungu enieniwo, tisanawalole n'kukhwima komwe.

Epulo

Chimanga chobzala kachitatu chinabereka tiana tating'ono, maso apatalipatali. Choyamba kukhwima Enelesi anachiotcha, Tadala anapita nacho kwa bambo. Anachithyola pakati, chachikulu anapatsa iye, chaching'ono anadya okha popanda wowanyengerera. Zokolola zonse ndinazituta pa wilibala tsiku limodzi. Mbatata ndi nandolo ndi zimene zinatigwira pambuyo pake. Tsitsi la Tadala Enelesi analimeta, linamera lakuda.

Juni

Bambo anamwalira nthawi ya chiperoni, ndi chifuwa, m'mimba muli chakudya. Masiku awo omaliza sanandidziwenso ngati mwana wawo. Ndinakhala kapitawo uja mpaka mapeto. Tsiku lina ndikuwafunditsa jasi pamwamba pa bulangete anati:

"A kapitawo, njala ija yatha."

"Yatha, ababa."

"Yatenga anthu ambiri. Koma kwathu tatuluka tonse. Ndi Dolika yemwe."

"Ndi Dolika yemwe."

"Ndinathamanga," anatero.

Za manda sindinapemphe. Alamu ananena okha kuti agone kumanda a mbumba yawo, poti kwawo kuli tiyi. Anakumba nawo, ndipo tsiku limenelo nthambi anakaika pamsewu ndi iwo omwe.

Tadala atafika kusekondale anandionetsa m'buku lake pamene analemba za njala ya fote naini. Ili ndi chaka chake. Inayamba n'kutha ine ndisanabadwe. Sinditsutsa, mayeso amafuna zimenezo. Koma ine ndinaiona ikutha m'chipinda cha anyamata, chaka chobzala katatu, ndipo ulendo umenewo Dolika anadya.

Nambala seveni timaulowabe laundi ikafika. Pamwala paja sindikhalaponso. Ndikafika pamzere umenewo ndimavula chipewa n'kunena chapansipansi kuti odi, kenako ndimadutsa. Othyola atsopano amafunsana kuti kapitawo akuodira ndani m'tiyi. Akale amawauza kuti pamenepo ndi pakhomo pa anthu.